Wokankha Anthu wa pa Minowada

Pa siteshoni ya Minowada, ntchito ya Kuwabara Shigeji m'mawa uliwonse inali yokankha anthu. Masana ankagulitsa matikiti, kusesa ndi kuyankha lamya ngati anzake onse, koma kuyambira hafu pasiti sikisi mpaka naini koloko ankavala magolovesi oyera n'kuima pakhomo la bogi yachitatu, ndipo aliyense amene theka la thupi latsalira kunja ankamulowetsa ndi phewa. Ntchito yotere wina angachite nayo manyazi, koma iye ankainyadira. Pa zaka khumi zathunthu chitseko chake chinali chisanachedwetsepo sitima.

Pamene ankalembedwa ntchito, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, Minowada inali kanyumba ka matabwa pakati pa minda ya mbatata, ndipo sitima ya mabogi awiri inkatha kudikira mlimi kuti atsirize kumanga katundu wake. Kenaka minda ija inagulidwa umodziumodzi, panamera midadada ya nyumba zosanjikizana mpaka kukafika kuphiri, mabogi anakhala anayi, kenaka asanu ndi atatu, koma anthu ankachulukabe kuposa mabogiwo. Onse ankagwira ntchito ku Tokyo, ndipo onse ankafuna kukafika nthawi imodzi, ngati wina anawanong'oneza kuti Tokyo athawa. Nyengo yozizira ndiye kunali ntchito yeniyeni, chifukwa zijasi zimanenepetsa anthu. Bogi imene mu Ogasiti inkameza onse, mu Januwale inkalavula khumi.

Obwera kumene pa ntchito Shigeji ankawaphunzitsa kuti wokankha sayang'ana nkhope. Ukayang'ana nkhope umva chisoni, ukamva chisoni sitima ichedwa, ikachedwa iyi zichedwanso makumi atatu zam'mbuyo. Umayang'ana msana, chikwama ndi mpendero wa chijasi, unene kuti pepani, ukankhe. Pepani ameneyu ankatuluka yekha m'kamwa kambirimbiri pa tsiku, ndipo panalibe amene ankamuyankha.

M'mawa wina wa Januwale, chaka cha 1965, sitima yothamanga ya 7:52, imene sinkaima paliponse mpaka kumathero a njanji mumzinda, inafika itadzaza kale. Anthu anaunjikana pakhomo, anapanikizana mpaka kulowa, ndipo belu litayamba kulira panatsala msana umodzi wa chijasi chofiirira, waung'ono, wopindika pang'ono. Shigeji anati pepani n'kuika phewa. Msanawo unali wopepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo sunadzithandize n'komwe, pomwe munthu wopita kuntchito amadzikankhanso yekha. Chitseko chili mkati motsekeka, mwini msana uja anapotoza khosi. Inali nkhalamba yopanda chipewa, yopanda chikwama, maso akuyenda uku ndi uku.

"Hama ali kuti?" inafunsa nkhalambayo, ndipo chitseko chinakumana.

Dzanja la Shigeji linali litakwera kale kuuza kondakitala kuti zonse zili bwino, lisanafunse n'komwe mwini wake. Sitima inanyamuka. Pansi panatsala nsapato imodzi yathabwa ya zingwe zansalu, zija amavala anthu akale. Nsapato zotsala sizinali zachilendo, tsiku lililonse ankatola zingapo n'kukaziponya m'bokosi la mu ofesi. Iyi anailowetsa mkati mwa chijasi chake, poti sitima ina inali ikulowa kale.

Zitapita sitima zitatu, wina anamukoka malaya. Anali mayi okalamba, aafupi, atanyamula kamtolo ka nsalu. Anawerama kupepesa kuti akumusokoneza pa ntchito.

"Bambo a siteshoni, simunawaoneko amuna anga? Avala chijasi chofiirira, alibe chipewa. Ndinawaimika pa mzati apa kuti ndikataye madzi, koma ndapeza mzere. Mutu wawo suyenda bwino masiku ano, dzina lawo lomwe amaliiwala."

Akulu a siteshoni, a Ogiwara, anali ataima chapafupi, wotchi ili m'manja. Mu ofesi mwawo munali bolodi lolembapo masiku amene siteshoni yakhala popanda ngozi, ndipo m'mawa umenewo linali pa 991. Likafika pa chikwi, akuluakulu a kampani anayenera kubwera ndi chikalata cha ulemu, ndipo a Ogiwara, amene ankayembekezera kupuma pa ntchito mu Malichi, ankalipukuta okha bolodilo ndi mpango wawo. Koma tisanamizire bolodi. Shigeji anachita mantha ndi manyazi basi, manyazi a katswiri amene waponyera munthu wodwala m'sitima yosaima.

"Sindinawaone, agogo," anatero. "Mukafunse ku ofesi."

Mayi aja anathokoza n'kuweramanso.

Naini koloko itadutsa, anthu atachepa, anavula magolovesi n'kulowa mu ofesi. Anawapeza mayi aja atakhala pafupi ndi mbaula, tiyi amene anapatsidwa akungozizira pa tebulo. Dzina lawo anali a Tsuyuki Hama, amuna awo a Genzo. Ankafotokoza kuti kale anali ndi munda ku Kurihata, masiteshoni asanu ndi imodzi kulowera kumapiri, ndipo chigulitsireni mundawo n'kubwera kudzakhala ndi mwana wawo kumidadada, a Genzo ankadzuka m'mawa n'kumafuna khasu kuti akapalire. Tsikulo anali pa ulendo wa komweko, kukaona manda a makolo. Pokwerera pa Minowada ndi pamodzi pokha, mbali iyi sitima za kumzinda, mbali inayo za kumapiri, choncho aliyense anavomereza kuti mkuluyo anaona sitima ya kwawo n'kukwera yekha. A Ogiwara anaimba lamya ku masiteshoni onse a kumtunda, imodziimodzi, mwaulemu ndi mwachangu monga ankachitira zinthu zonse. Kumzinda sanaimbeko, poti anati nkhalamba singalowe m'sitima ya m'mawa yopita ku Tokyo ngakhale itafunitsitsa.

"Pokhapokha a Kuwabara ataithandiza," anatero Nagumo woboola matikiti, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngati lumo lake loboolera lomwe. "Awa, amayi, angalowetse ng'ombe m'botolo n'kutsekapo chivindikiro."

Onse anaseka, ndipo a Hama anamwetulira kuti asakhumudwitse anthu owathandiza. Shigeji nayenso anaseka, nsapato yathabwa ija ikumubaya m'nthiti.

A Hama anati apita okha ku Kurihata pa sitima yotsatira, poti njira zimene amuna awo amakonda ankazidziwa ndi iwo. Akumanga kamtolo kawo, anauza a Ogiwara kuti asavutike mtima kwambiri, chifukwa aliyense wowatola a Genzo adzadziwa kowabweza. Kale ankawasokera kansalu ka dzina pa kolala, koma iwo ankakathothola, amvekere si ine mwana wa sukulu. Ndiye anapeza nzeru yolemba dzina ndi nambala ya nyumba kunsi kwa nsapato ya kumanzere, pamphako yosagunda pansi, kumene eni ake sayang'anako. Apolisi awiri anali atawabweza kale kunyumba chifukwa cha nsapato imeneyo.

Shigeji anapita kuchipinda chosinthira zovala n'kutseka chitseko. Anatulutsa nsapato ija n'kuitembenuza. Zilembo zinalipo, za inki yakuda, zobwerezedwa kangapo pamene zinkafufutika: Tsuyuki Genzo, mdadada wachisanu ndi chinayi, chonde abwezeni kwa Hama. Anakhala pa benchi. Mkulu uja anali kwinakwake m'kati mwa Tokyo ndi nsapato yopanda mawu, ndipo yodziwa kwawo inali pano, m'manja mwa munthu amene anati sanawaone.

Cha m'ma hafu pasiti teni ananama kuti fodya wamuthera. Anaoloka msewu kupita pa kagolosale ka fodya kumene kunali lamya yofiira yoponyamo ndalama, n'kuimbira ofesi ya siteshoni ya kumathero a njanji. Anafunsa ngati aonako nkhalamba ya nsapato imodzi.

"Nsapato imodzi? Achimwene, m'mawa uno wokha ndabwereketsa masilipasi makumi awiri ndi atatu," anayankha munthu wotopa kumbali inayo. "Ndinu ndani, mukuimba muli kuti? Nenani dzina lanu ndi sitima imene anakwera, nditume munthu akayang'ane."

Shigeji anamvetsera phokoso la m'lamyamo kwa kanthawi, kenaka anaibweza pamalo pake.

Apa ndiye palibe chomuikira kumbuyo. Kukankha kuja tingati linalakwa ndi phewa, bodza lija tingati anali mantha a kamphindi, koma pa lamyapo anali ndi nthawi yoganiza, ndipo anaganiza. Anadziuza kuti Tokyo ali ndi apolisi pa mphambano iliyonse, kuti nkhalamba sizisowa chisawawa, kuti mwina yagona tulo m'bogi ndipo sitima yomweyo iibweza. Anabwerera pa zenera la matikiti, ndipo sitima iliyonse yochokera kumzinda ikaima ankasuzumira kuwerenga otsika. Chijasi chofiirira sichinatsike.

Masana kunayamba kugwa chipale chofewa. Mpunga ndi nsomba yamchere zimene mkazi wake anamulongedzera zinamukanika kumeza, moti Nagumo anamufunsa ngati wakangana ndi akunyumba, n'kumuthandiza kumaliza nsombayo. Thuu koloko itakwana a Hama anatsika sitima ya kumapiri ali okha, masokosi atanyowa mpaka m'akakolo. Anati pamene panali munda wawo tsopano pali zikhomo ndi zingwe za omanga nyumba, ndipo anayenda ponsepo akuitana dzina mpaka mawu anasasa. Anapepesanso chifukwa chovutitsa anthu a ntchito zawo. Atamasula kamtolo kuti apukute manja, munatuluka sikafu yaubweya, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimati ndiwaveke tikakwera," anatero chapansipansi. "Amadana nayo, amati imayabwa."

A Hama atanyamuka kuti akaone ngati a Genzo atulukira kunyumba, Shigeji analowa kwa a Ogiwara, natseka chitseko, n'kuika nsapato ija pa tebulo chogadamiza. A Ogiwara anawerenga zilembozo, anayang'ana Shigeji, anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anafunsa funso limodzi lokha, lakuti inali sitima iti. Atamva anatenga lamya n'kuimbira siteshoni ya kumathero a njanji, ndipo nthawi ino dzina, siteshoni ndi sitima zinanenedwa zonse.

Yankho linabwera pasanathe mphindi khumi. Inde, nkhalamba ya chijasi chofiirira inakhala pa benchi la kumapeto kwa pokwerera kuyambira hafu pasiti eyiti. Mayi wogulitsa nyuzipepala anaipatsa tiyi, wosesa anaiveka silipasi ku phazi losavala. Ataifunsa dzina inati ikudikira Hama, ndipo m'matumba munalibe chilichonse, kunsi kwa nsapato yake kunalinso mbee. Inakhala pamenepo maola anayi, osasuntha, ikuyang'ana aliyense wotsika. Cha m'ma wani koloko, wosesa atapita kukadya, pa benchipo panalibe munthu.

A Ogiwara anaika lamya pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo Shigeji akanakonda akanamumenya mbama.

"Maola asanu ndi limodzi, Kuwabara. Unakhala nafe muno, unaseka nafe."

"Ndalakwa, abwana. Lembani zonse, ndisaina."

"Tilemba kuti nsapatoyi yapezeka masana ano pakati pa njanji, mbali ya kumzinda. Amayi aja tiwauzanso chomwecho. Madzi akatayika saoleka, ndipo kuwauza zambiri sikubweza munthu. Pakamwa pakopo tseka, wasonyeza kale kuti umatha."

A Genzo anapezeka m'mawa mwake pansi pa mlatho, mtunda wautali kuchokera pa siteshoni ya kumathero ija. Anawaona ndi munthu woperekera mkaka m'makomo. Silipasi ija inali itatayika, phazi litachita bii. Anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsirizika. Patangopita masiku awiri bolodi linafika pa chikwi, poti pa Minowada penipeni panalibe amene anavulala. Akuluakulu anabwera ndi chikalata chawo, kunadyedwa mpunga wofiira wa chikondwerero, ndipo dzina la Shigeji linatchulidwa pakati pa antchito odalirika. Anaimirira n'kuwerama monga mwa mwambo.

Anapitiriza kukankha, nanga akanatani, ana atatu ali pa sukulu. Koma phewa linali litayamba kukayika. Msana uliwonse wopepuka ankayamba wauzungulira kuti aone mwini wake, ndipo kawiri m'mwezi wa Febuluwale sitima inanyamuka mochedwa chifukwa cha chitseko chake. Anzake ankati a Kuwabara akukalamba. Kunyumba anasiya kucheza, ndipo mkazi wake atafunsa anamuyankha kuti ndi msana.

Atatha masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi a maliro, a Hama anabwera pa siteshoni masana ena, atavala zakuda, atanyamula bokosi la timakeke ta nyemba lokulungidwa bwino. Anali atachepa thupi moti lamba wa chovala chawo anazungulira mopitirira. Anabwera kudzathokoza, monga amachitira munthu amene wavutitsa anzake pa tsoka lake. Anathokoza a Ogiwara chifukwa cha malamya onse aja, anathokoza amene anatola nsapato pa njanji, ndipo Shigeji anamuthokoza padera chifukwa chowalozera ku ofesi m'mawa uja ali pakati pa ntchito. A Ogiwara anawapatsa mpando ndi tiyi, n'kuwafunsa mmene akukhalira.

"Ndikukhala, bambo. Kungoti mwana wanga sandilankhula. Tikudya pa tebulo limodzi, koma chifikireni kuchokera kuchipatala sanandipatsepo moni. Akuti ndinawasiya okha bambo ake pagulu, komanso ndinasokeretsa anthu tsiku lonse ndi nkhani zanga za munda. Sakunama ayi. Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndawasunga, ndinalephera kupirira mphindi khumi zokha. Ndipo ndine ndinati fufuzani kumapiri."

A Ogiwara ananena mawu oyenera, akuti zinalembedwa, akuti palibe wolakwa. Ponena zimenezi maso awo anali pa Shigeji, ndipo masowo ankanena zina. Nagumo, amene sankadziwa kanthu, anatsegula bokosi lija n'kuyamba kugawa timakeke. Kamodzi anakaika m'manja mwa Shigeji.

A Hama atatuluka, Shigeji anaika kakeke kaja pa tebulo n'kuwatsatira. Anamva a Ogiwara akumuitana dzina, kamodzi, mosakweza mawu, koma sanacheuke. Anawapeza mayi aja kutsogolo kwa siteshoni, poyambira msewu wokwera kumidadada. Anavula chipewa n'kuwerama mpaka kuona mapazi awo okha, ndipo ananena zonse ali chiweramire. Ananena za msana umene anaukankha osafunsa, za nsapato, za kuseka mu ofesi, za lamya ya pa golosale imene anaidula atafunsidwa dzina, za benchi limene amuna awo anakhalapo maola anayi. Sanachotsepo kanthu, ndipo mawu ake ankamveka achilendo m'makutu mwake momwe.

Mapazi aja sanasunthe. Basi inabwera, inatsitsa anthu, inapita. Njinga ya woperekera zakudya inawalambalala ikuliza belu.

"Pamene ndinakukokani malaya paja," anafunsa a Hama, "nsapatoyo inali kuti?"

"Inali m'chijasi mwanga, agogo."

"Pamene ndinkafotokoza za zilembo zija?"

"Inali momwemo."

Shigeji ankadikira kulira, kapena kutukwana, kapena dzanja pa tsaya, ndipo chilichonse mwa zimenezi akanachilandira ngati mphatso. Koma mawu atabwera anali ouma, a munthu amene misozi anaimalizira kale pa mlandu wosakhala wake.

"Kukankhako ndi ntchito yanu, bambo. Theka la anthu a kumidadada kuno mumawakankha, mwana wanga yemwe, ndipo amafika kuntchito pa nthawi yake chifukwa cha inu. Zimenezo sindikanakusungirani. Koma ine ndinakufunsani."

"Munandifunsa, agogo."

"Dzukani, anthu akutiyang'ana."

Shigeji anaweramuka. Nkhope ya a Hama inali yotuwa, koma maso anali gwa. Anamuuza kuti mwana wawo amafika kunyumba sikisi koloko, ndipo Shigeji akakhale pansi m'nyumbamo, patsogolo pa chithunzi cha a Genzo, adikire, kenaka akanene zonsezi kachiwiri monga wazinenera pano, osasiyapo lamya ija. Shigeji anadziwa chimene chidzatsatire. Mwanayo adzalemba kalata ku kampani, chikalata cha pakhoma chidzatsitsidwa, a Ogiwara adzapuma pa ntchito ndi chitonzo, ndipo iye mwini magolovesi oyera sadzawavalanso. Anawauza kuti apita.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero a Hama akukonza kamtolo kawo m'khwapa. "Ndikungofuna mwana wanga adzandipatsenso moni ndisanafe."

Anayamba kukwera chitunda pang'onopang'ono, ndipo Shigeji anawatsatira m'mbuyo, chipewa chili m'manja, osayerekeza kuyenda pambali pawo.